Aroma mu Mzinda wa Asikoti

Aliyense amene adakhalako ku Blantyre amadziwa malo awiri amene anthu amangowatchula ndi zilembo zokha, HHI ndi CI. Ambiri a ife timatchula maina amenewa monga momwe titchulira Chichiri kapena Ginnery Corner, osalabadira kuti zilembozo zikuimira chiyani. Komatu HHI ndi Henry Henderson Institute, sukulu ya mishoni ya Asikoti, ndipo CI ndi Catholic Institute, kwao kwa Akatolika amene agogo athu ankawatcha Aroma. Kuchoka pa malo amodzi kufika pa enawo ndi ulendo wa pansi wosatopetsa konse. Tsono funso limene ndifuna kuti tilione m'nkhani ino ndi ili: kodi mipingo iwiriyi, imene kwao ku Ulaya idatentherana nyumba ndi kuphana kwa zaka mazana, idakhalirana bwanji mu mzinda umodzi kuno kwathu? Yankho limene timakonda kupereka n'lakuti Amalawi ndife anthu ofatsa, za zipolowe za chipembedzo sitizidziwa. Ine yankho limeneli sindikhutira nalo, pakuti katatu konse moto udayaka pa katundu wa Akatolika m'chigawo chino cha kumwera: mu 1915, mu 1960 ndi mu 1992.

Tiyambe ndi kumene adachokera amene adamanga mzindawu. Ku Scotland, kuyambira nthawi ya John Knox, mwana ankachita kuyamwira chidani cha Papa. Mu 1778 nyumba ya malamulo ya ku London idafewetsa pang'ono malamulo amene ankaletsa Akatolika kugula malo ndi kutsegula sukulu. Itangomveka mbiri yakuti lamulo lomwelo lifikanso ku Scotland, anthu a mu Edinburgh adatentha nyumba imene Akatolika ankapemphereramo, mu Febuluwale 1779, ndipo patapita masiku ochepa a ku Glasgow adaononga nyumba ndi malonda a Mkatolika wina woumba mbale ndi miphika. Boma lidachita mantha ndipo lamulolo silidafike ku Scotland. Chaka chotsatira, mu Juni 1780, Lord George Gordon, mwana wa m'banja lomveka la ku Scotland komweko, adatsogolera chinamtindi cha anthu kunka ku nyumba ya malamulo ku London kukakana ufulu wa Akatolikawo. Kwa sabata yathunthu mzindawo udayaka, ndende ya Newgate idathyoledwa, ndipo asilikali adaombera anthu pafupifupi 300.

Tisaganize kuti izi n'zamakedzana zokhazokha. Mu 1923 msonkhano waukulu wa Church of Scotland udalandira lipoti lonena kuti Akatolika ochokera ku Ireland ndi chiopsezo kwa mtundu wa Asikoti, ndipo mpingowo udadzalikana lipotili mu 2002. Mu Juni 1935 anthu zikwizikwi otsatira John Cormack adagenda mabasi onyamula Akatolika, ena mwa iwo ana, pa Morningside mu Edinburgh. Patangopita zaka zochepa Hastings Kamuzu Banda adafika mu mzinda womwewo kudzamaliza maphunziro a udokotala, ndipo n'kumeneko adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Sindikunena kuti iye adatengerako za Cormack, ai. Ndikungoti umenewo ndiwo mpweya umene udali mu mzindamo. Palinso kanthu kena koseketsa. David Livingstone, amene mzinda wathu udatenga dzina la mudzi wake wobadwira, Chilatini chimene chidamuthandiza pa maphunziro a udokotala adachiphunzira kwa mnyamata wa Chikatolika, Daniel Gallagher, amene pambuyo pake adadzakhala wansembe ku Glasgow. Zolalikidwa pa guwa sizidawaletse awiriwa kukhala pansi ndi buku la galamala.

Mu Okutobala 1876 amishoni a Church of Scotland adamanga misasa pa malo amene Henry Henderson ndi womasulira wake, Tom Bokwito, adasankha m'dziko la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Kwa zaka 25 zotsatira Chikhristu cha m'mapiri a Shire chidali cha Apulotesitanti okhaokha. Akatolika oyamba kufika m'dziko muno adabwera pa nthawi yoipa, ndiponso adabwera ndi bwenzi lolakwika. Mu 1889 Apwitikizi ankafuna kulumikiza Angola ndi Mozambique, ndipo dziko lathu lidali pakati pa njira. Kadinala Lavigerie adapangana ndi boma la Portugal kuti ansembe ake, a White Fathers, akatsegule mishoni kwa Mponda, pafupi ndi pamene Shire atulukira m'nyanja, ndipo iwo adafikako m'masiku otsiriza a Disembala 1889. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake asilikali a Serpa Pinto adali ataombera Amakololo kumunsi kwa Shire. Kotero kwa Msikoti wa pa Blantyre wansembe uja adali kalambulabwalo chabe wa msilikali wa Chipwitikizi. Ku Scotland abusa ndi akulu a mpingo oposa 11,000 adasaina chikalata chopempha Lord Salisbury kuti asapereke dzikoli kwa Apwitikizi. Mu Januwale 1890 Britain adaopseza Portugal, Apwitikizi adabwerera m'mbuyo, ndipo ansembe aja adatsala okha kwa Mponda, ntchito yao osaphula kanthu. Mu Juni 1891 adanyamuka kunka ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Mwezi umodzi iwo asanachoke, pa 10 Meyi, David Clement Scott adali atatsegulira tchalitchi chake chanjerwa cha St Michael and All Angels. Chimene chidatsala m'mitu ya anthu ndi ganizo lakuti Mroma ndi munthu wotumikira mfumu ya kunja. Ganizo limeneli tidzakumana nalonso mu 1960 litavala malaya ena.

Ku Buganda, mu Januwale 1892, mkangano wa mtundu womwewu udathera pa mfuti: Apulotesitanti, mothandizidwa ndi Frederick Lugard, adagonjetsa Akatolika pa Mengo, ndipo tchalitchi cha pa Rubaga chidatenthedwa. Kuno sizidafike pamenepo, ndipo ndiganiza kuti chifukwa chimodzi n'chakuti padalibe bwalo la mfumu imodzi yaikulu loti mipingo ilimbirane.

Akatolika adabweranso mu 1901. Ansembe atatu a Montfort adakhazikika pa Nzama kwa Njobvuyalema ku Ntcheu, ndipo mu 1903 gulu lao lidatsegula Nguludi m'boma la Chiradzulu, pakhomo penipeni pa Blantyre. A White Fathers nawo adabwerera nakamanga pa Mua mu 1902. Nkhondo imene idayamba pamenepo idali ya masileti ndi choko. Mipingo ya Chipulotesitanti idali ndi kamvano kogawana dziko, uyu kwake uyu kwake, kuti isamalimbirane midzi. Akatolika sadali nawo m'pangano limenelo ndipo sadalivomere, pakuti kwa iwo munthu wophunzitsidwa ndi Asikoti kapena Adatchi adali wosokera ndithu, wofunika kumubweza. Tsono sukulu ya m'mudzi ndiyo idali mbendera. Mphunzitsi akangopata chilolezo cha nyakwawa namanga kachisakasa kake ka udzu, mudziwo wasanduka wa mpingo wake. Mawa lake mphunzitsi wa mpingo wina afika kwa mphwake wa nyakwawayo namanga chake tsidya la mtsinje. Apulotesitanti ankanena Aroma kuti amapembedza mafano ndi Maria, salola anthu kuwerenga Baibulo, ndiponso amalekerera mowa. Aroma ankabweza kuti chipembedzo cha anzaowo n'chadzulodzulo, choyambitsidwa ndi Luther ndi Calvin.

Ife okonda chinenero tiyenera kuima pang'ono apa, chifukwa mpikisano umenewu udasiya zipsera m'Chichewa momwe. Kwa zaka zambiri mudali Zichewa ziwiri za pa Sabata. Wina ankati Yesu, wina Yezu. Wina mpingo, wina Eklezia. Wina abusa, wina abambo kapena ansembe. Wina Mgonero, wina Misa ndi Ukaristia. Munthu akangotsegula pakamwa pa maliro kuti apemphere, anthu adziwa kale kumene adaphunzira. Apulotesitanti adatsiriza Buku Lopatulika mu 1922, Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo padapita zaka zina 32 kuti mbali ziwirizi zitulutse Baibulo limodzi, Buku Loyera la 1998, m'mene Yehova adalowedwa m'malo ndi Chauta. Mwana wa mu Ndirande amene bambo wake adali wa CCAP ndipo mai wake wa Katolika ankakula akudziwa Zichewa ziwiri zonsezi, ndipo mabanja otere sadali ochepa. Mfundo imeneyi tiisunge.

Moto woyamba udayaka mu Januwale 1915. Mishoni ya John Chilembwe pa Mbombwe idali pamtunda wosatalika kuchokera pa Nguludi, ndipo aphunzitsi a mbali ziwirizi ankalimbirana midzi yomweyo ya Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya Azungu. Mu 1914 mphekesera yakuti pa Mbombwe pakukonzedwa china chake idafika ku mishoni ya Nguludi, monganso idafikira kwa Philip Mitchell wa ku boma, koma palibe amene adachitapo kanthu kooneka. Usiku wa pa 23 Januwale anthu a Chilembwe adapha William Jervis Livingstone pa Magomero, ndipo gulu lina lidayesa kuthyola nyumba ya mfuti pa Mandala mu Blantyre. Pa 26 Januwale, zinthu zitayamba kale kuwaipira, gulu lotsogozedwa ndi David Kaduya lidagwera pa Nguludi. Mlonda mmodzi adaphedwa, Bambo Swelsen adavulazidwa koopsa koma adachira, ndipo nyumba za mishoni zidatenthedwa.

Kodi chimenechi tichitche chipolowe cha Apulotesitanti polimbana ndi Akatolika? Mbali ina inde. Chilembwe adali Mbaptisti wophunzira ku Lynchburg ku Virginia, ndipo anthu ake adali atamva za Aroma zomwezo zimene Mpulotesitanti aliyense ankamva. Koma tiyenera kuona kuti m'masiku onse a nkhondoyo mishoni imene idatenthedwa ndi Nguludi yokha, ndipo chimene chidaisiyanitsa ndi zina si Misa ya Chilatini. Anthu a pa Mbombwe ankaiona ngati khutu la Boma. Matchalitchi audzu a Chilembwe adali atatenthedwa m'minda ya A. L. Bruce, pamene Azungu ambiri a m'minda ankaona Aroma ngati amishoni osavuta, ophunzitsa kumvera, osati aja otulutsa makalaliki ovala mataye ndi kuyankha Chingerezi. Amene adatentha Nguludi ankatentha mnansi amene ankamuganizira kuti ndi kazitape.

Zimene zidatsatira zidangolimbitsa chithunzi chomwecho. Bungwe lofufuza limene Boma lidakhazikitsa lidatulutsa lipoti lake mu 1916, ndipo lidadzudzula mipingo imene inkapatsa Afirika Baibulo ndi udindo popanda Mzungu wowayang'anira. Chala chidaloza ngakhale Asikoti a pa Blantyre, makamaka popeza John Gray Kufa, mmodzi mwa madikoni oyamba a David Clement Scott ndiponso wodziwa ntchito ya chipatala, adali m'gulu la Chilembwe ndipo adaphedwa ndi Boma. Alexander Hetherwick adaima pamaso pa bungwelo nateteza maphunziro a mishoni yake, nafika mpaka podzudzula Azungu amene ankafuna kuti Mfirika aziwavulira chipewa iwo osabweza ulemuwo. Akatolika adatuluka m'bwalomo opanda banga. Kwa Boma chimenechi chidali chiyamiko, koma kwa Mfirika wophunzira wa pa Blantyre chidali umboni wakuti Aroma ali mbali ya atsamunda. M'zaka zotsatira Akatolika adachuluka kwambiri pakati pa Alomwe a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, koma makalaliki, aphunzitsi akuluakulu ndi atsogoleri a mabungwe a Afirika adapitirira kutuluka makamaka m'sukulu za Asikoti.

Apa ndiye pagona nkhani ya 1960. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, Asikoti ambiri adaima poyera kuchikana. Sinodi ya Blantyre idatulutsa chikalata chochidzudzula mu 1958, ndipo Boma litalengeza za ngozi pa 3 Malichi 1959, n'kutsekera anthu mazanamazana ku Kanjedza mu Limbe ndi kutumiza Dr Banda ku Gwelo, Church of Scotland idakweza mau ku Britain. Aepiskopi a Katolika sadamveke motero. Onse kupatula Ambuye Cornelius Chitsulo a ku Dedza adali Azungu, ndipo maso ao adali pa mdani wina, Chikomyunizimu, chimene chidali chitathamangitsa amishoni ku China pambuyo pa 1949. Chisokonezo cha ku Congo mu Julayi 1960 chidangoonjezera manthawo. Arkiepiskopi wa Blantyre, John Baptist Theunissen, adali wa ku Holland, dziko limene pa nthawiyo Akatolika adali ndi chipani chaochao, mabungwe a antchito aoao, sukulu ndi nyuzipepala zaozao. Kwa munthu wokulira kumeneko chipani cha Chikhristu sichidali chachilendo konse. Ku Uganda nako kudali Democratic Party ya Benedicto Kiwanuka, imene mphamvu yake idali Akatolika.

Mu Okutobala 1960 Chester Katsonga, Mkatolika amene kale adali mtsogoleri wa Nyasaland African Congress mu Blantyre, adayambitsa chipani cha Christian Democratic Party. Nthawi yake idali yoipitsitsa. Dr Banda adali atatuluka m'ndende pa 1 Epulo, msonkhano wa ku Lancaster House udali utalonjeza chisankho, ndipo Malawi Congress Party inkalalikira kuti wina aliyense wogawa mavoti a Afirika ndi kapirikoni, wogulitsa dziko kwa Welensky. Pa 22 Okutobala nyuzipepala ya chipanicho, Malawi News, imene mkonzi wake adali Aleke Banda, idatulutsa nkhani yoopsa yonena kuti mwini wake weniweni wa chipani chatsopanocho ndi Arkiepiskopi Theunissen. Mau amene adatchuka m'nkhaniyo ndi akuti Vatican Imperialism, kutanthauza utsamunda wa Papa. Taonani mmene ganizo la 1889 lija lidabwererera: Mroma ndi wantchito wa mfumu ya kunja, kungoti tsopano mfumuyo siili ku Lisbon koma ku Vatican. Aepiskopi adakana kuti Mpingo sudayambitse chipani, ngakhale sadabise kuti Akatolika ali ndi ufulu woyambitsa chao. Chaka chisanathe gulu la anthu lidatentha nyumba ya Katsonga mu Blantyre, iye n'kupulumuka ndi moyo.

Ndinene maganizo anga. Aepiskopi adalephera kuwerenga nyengo, ndipo kukhala chete kwao mu 1959 kudawalanda mphamvu yolankhula mu 1960. Amene sadalire nawe maliro sungamumvere akamakulangiza za chuma cha masiye. Koma zimene ankaopa, zakuti chipani chimodzi chidzameza dziko lonse ndi kutseka pakamwa pa aliyense, zidachitikadi, ngakhale sizidadzere ku Moscow monga iwo ankaganizira. Katsonga adali ndi ufulu woyambitsa chipani, chabwino kapena chopusa, ndipo anthu akadamukana ndi voti. Adamukanadi: chipani chake chidaphatikana ndi cha T. D. T. Banda n'kukhala Christian Liberation Party, ndipo pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 sichidapate mpando ndi umodzi womwe, pamene Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya mavoti a anthu wamba. Nanga moto uja udali wa chiyani? Atsogoleri ambiri a Congress adakulira m'mishoni za Chipulotesitanti, ndipo mau onyoza Papa adali okonzeka kale pa lilime lao. Koma amene adanyamula moto sadatumidwe ndi sesheni ya mpingo uliwonse. Akatolika zikwizikwi adali ndi makadi a Congress, ndipo John Msonthi, Mkatolika, adadzakhala nduna ndiponso womasulira mau a Kamuzu pa misonkhano. Chidani cha mipingo chidangobwereka mau. Mwini moto chidali chipani.

Mu Malichi 1961 Aepiskopi adalemba kalata yofuna mtendere yotchedwa How to Build a Happy Nation. Theunissen adatula udindo mu 1967 ndipo James Chiona adalowa m'malo mwake, Mmalawi woyamba kukhala Arkiepiskopi wa Blantyre. Kuyambira pamenepo mipingo yonse ikuluikulu, ya Aroma ndi ya Asikoti yomwe, idaphunzira kupemphera pa zikondwerero za Boma ndi kusunga pakamwa.

Amene adalipira mtengo wa kukhala chete kumeneku ndi ena. A Mboni za Yehova, chifukwa chokana kugula makadi a chipani, adaletsedwa mu Okutobala 1967. Mu 1967, mu 1972 ndi mu 1975 ayufi ndi apayoniya adawatenthera nyumba, kuwamenya, kugwirira akazi ao ndi kupha ena. Zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo ena adatsekeredwa ku Dzaleka. Ngati tifuna chipolowe chenicheni cha chipembedzo m'mbiri ya dziko lino, chofanana kukula kwake ndi cha Gordon ku London, n'chimenechi, ndipo njira yake ndi yomwe ija idayesedwa pa nyumba ya Katsonga: nyuzipepala kapena msonkhano wa chipani utchula mdani, anyamata n'kumalizitsa. Maguwa a St Michael ndi a ku Limbe Cathedral sadamveke.

Papa John Paul II adacheza m'dziko muno mu Meyi 1989, patatha zaka 100 chifikire ansembe aja kwa Mponda, ndipo Kamuzu adamulandira ndi ulemu wonse. Pasanathe zaka zitatu, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Makope 16,000 adasindikizidwa, ambiri mwa iwo m'Chichewa. Kalatayo idanena za malipiro ochepa, za mitengo imene alimi ankagulitsira mbeu zao, za kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene adagwira dziko lonse. Ndani mwa ife amene sankazidziwa zimenezi? Chachilendo chidali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, pamaso pa anthu. Pa 10 Malichi Ambuye Chiona ndi anzao adaitanidwa ku polisi mu Blantyre nafunsidwa kwa maola 8, ndipo Boma lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira. Tsiku lotsatira akuluakulu a chipani adakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo adanena poyera kuti Aepiskopiwo aphedwe. Mau a pa msonkhanowo adajambulidwa pa tepi, tepiyo idatuluka, n'kuyamba kuyenda m'manja mwa anthu mpaka kunja kwa dziko. Malawi News yomwe ija idalemba ndemanga ya mutu wakuti No Mercy. M'mwezi womwewo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto. Pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo, Monsignor John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko. Mlandu wake udali wakale womwe uja, wakuti mlendo ndiye wasokoneza ana a eni dziko.

Zonse zidali m'malo mwake kuti 1960 ibwerezedwe, koma ulendo uno chingwe chidaduka. Patangopita sabata imodzi ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba adayenda pa mseu kuvomereza Aepiskopi, a pa Polytechnic mu Blantyre adatsatira, ndipo palibe amene adafunsa mnzake kuti iwe ndiwe wa mpingo uti. Kalata ija idachulukitsidwa mobisa pa makina a m'maofesi ndi anthu a mipingo yonse. Ku Mzuzu mbusa wa CCAP, Aaron Longwe, adamangidwa chifukwa cha ulaliki wake. Mu Juni nthumwi za World Alliance of Reformed Churches, pamodzi ndi atsogoleri a sinodi za Blantyre ndi Livingstonia, adapereka kwa Kamuzu kalata yogwirizana ndi zimene Aepiskopi adanena. Mlembi wamkulu wa Sinodi ya Blantyre pa nthawiyo adali Silas Ncozana. Mkulu wa mpingo wa Asikoti uja adauzidwa ndi ana a Asikoti kuti Aroma anena zoona. M'miyezi yotsatira mudabadwa Public Affairs Committee, m'mene mudakhala Akatolika, a CCAP, Aangilikani, Asilamu, maloya ndi amalonda. Sinodi ya Nkhoma idaima padera, ndipo zifukwa zake zidali za chigawo ndi za ubale wake ndi Kamuzu koposa za chiphunzitso.

Blantyre adachita chipolowe chake chaka chomwecho, ndipo n'chofunika kuona kumene miyala idalunjika. M'masiku oyamba a Meyi 1992 antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead adanyanyala ntchito, sitalakayo idafalikira m'Blantyre ndi m'Limbe monse, anthu a mu Ndirande ndi m'makomboni ena adakhamukira m'tauni, ndipo apolisi adaombera anthu pafupifupi 40. Masitolo amene adathyoledwa kwambiri ndi a PTC, amene aliyense ankadziwa kuti ndi a kampani ya Press ya Kamuzu. Chinamtindi chimene chikadatha kutumidwa ku CI chidapita kumene kudali ufa, shuga ndi mwini wake wa mavuto ao.

Chifukwa chake, m'kuona kwanga, chili m'kamangidwe ka mzindawu. Ku Belfast kapena ku Glasgow munthu ankadziwika mpingo wake ndi mseu umene akhala, fakitale imene agwira ntchito ndi timu ya mpira imene aikonda. Blantyre adagawidwa ndi mzere wina, wa khungu ndi ndalama: Azungu ku Sunnyside ndi ku Mandala, Amwenye m'masitolo a mu Limbe, Afirika ku Ndirande ndi m'midzi yozungulira. M'kati mwa Ndirande Mroma ndi wa CCAP ankatunga pa mpope umodzi, kukwatirana, ndi kukumba manda amodzi. Kuti utenthe nyumba ya Mroma udayenera kutentha ya mlamu wako. Koma chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pamene gulu lili lalikulu ndi lolowerera m'mabanja ambiri. Sichidathandize a Mboni, amene adali ochepa ndi odzipatula, ndipo sichidathandize Asilamu a kumpoto amene mizikiti yao idatenthedwa zotsatira za chisankho cha mu Juni 1999 zitalengezedwa.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri, chinthu chomwe chija Katsonga adatenthedwera nyumba zaka 33 m'mbuyomo. Chiletso cha a Mboni za Yehova chidachotsedwa mu Ogasiti chaka chomwecho, chitakhala zaka 26, ndipo ambiri mwa amene adabwerera kuchokera ku Mozambique ndi ku Zambia adapeza minda yao ili ndi eni ena.